DIWALI: MBIRI YA USIKU WA NYALI

Inu amene muli kuwerenga nkhani ino, kapena mukhala pafupi ndi banja la Ahindu ku Lusaka, ku Ndola kapena ku Livingstone. Ngati ndi tero, mwaonapo kuti caka ndi caka, kumapeto kwa Okutobala kapena kuciyambi kwa Novembala, pafika usiku wina pamene makonde ndi mazenera a nyumba zao adzala ndi tinyali tating'ono, ana naphulitsa makombola kufikira agalu onse a m'mseu umenewo atasowa pobisala. Mlendo akafunsa kuti kuli ciani, ambiri a ife tingoyankha kuti, "Ndi Khrisimasi ya Amwenye."

Yankho limeneli liphonya pawiri. Si Amwenye onse amene asunga tsikuli, pakuti ambiri a iwo, makamaka ku Chipata, ndi Asilamu. Koma cacikulu ndi ici: Khrisimasi ikumbutsa kubadwa kwa munthu mmodzi, pamene cikondwerero ici, cochedwa Diwali, sicikumbutsa cinthu cimodzi cokha. Mukadafunsa anthu asanu ocokera ku zigawo zisanu za India cifukwa cake ayatsa nyali usiku umenewu, mukadalandira mayankho asanu, ndipo palibe mmodzi mwa iwo amene akadakunamizani. Tifuna tione m'mene zimenezi zinathekera.

Tiyambe ndi dzina. Liu lakuti Diwali linafupikitsidwa kucokera ku liu lakuti Dipavali, la m'Sanskrit, cinenero cakale ca mabuku opatulika a Ahindu. Dipa ndiyo nyali, avali ndiwo mzere. Cotero dzinali litanthauza mzere wa nyali, ndipo kummwera kwa India anthu anenabe Deepavali. Nyali yake si yagalasi kapena yacitsulo ai. Ndi kambale kadothi kokwana m'dzanja la mwana, kochedwa diya, kamene athiramo mafuta a mpiru, a citowe kapena a ng'ombe, naikamo kacingwe ka thonje lopota. Ngakhale koloboi wathu aiposa kuwala. Mphamvu yake iri m'kuculuka, pamene mazanamazana andandalikidwa pamakhoma, pamadenga ndi m'mbali mwa mitsinje.

Ahindu awerenga miyezi yao poyang'ana mwezi wa kumwamba, monga makolo athu anali kucitira, ndipo pafupifupi zaka zitatu ziri zonse aonjezapo mwezi umodzi kuti miyezi isasiyane ndi nyengo. Diwali igwa pa usiku umene mwezi wafa, wochedwa amavasya, umene kwina auwerenga ngati kutha kwa mwezi wa Ashvin, kwina ngati pakati pa mwezi wa Kartik. Ndico cifukwa cake pa kalendala yathu tsikuli liyendayenda: mu 2022 linali pa 24 Okutobala, mu 2023 pa 12 Novembala.

Tsono ganizirani m'mene India akhalira pa nyengo imeneyo. Mvula yaikuru ya kumeneko iyamba mu Juni nileka mu Seputembala. Kale pa miyezi imeneyo miseu inali matope okhaokha, mitsinje yosaoloka, ndipo amalonda ndi ankhondo omwe anali kukhala pansi. Makhoma anali kucita nguwi, zobvala ndi kununkha cinyontho. Mvula ikaleka, mpunga ukaca, zonse zinali kudzuka pamodzi. Mkazi anali kuzira nyumba ndi kupaka njereza. Mlimi, amene anadya ngongole dzinja lonse, anali kugulitsa zokolola ndi kukabweza kwa mwini sitolo. Mwini sitolo anali kutseka buku lakale ndi kumanga katundu wa ulendo watsopano. Kwa mlimi ndi kwa wamalonda yemwe, apa ndipo panali kuthera caka. Akatswiri ambiri a mbiri akhulupirira kuti muzu wa Diwali uli pamenepa, pa masika.

Maumboni olembedwa a Diwali ndi akale ndithu. M'zaka za m'ma 600 mfumu Harsha ya ku Kanauj, m'sewero lake lochedwa Nagananda, inachula cikondwerero ca nyali pamene anthu ongokwatirana kumene anali kulandira mphatso. Ca m'ma 900 mlakatuli Rajasekhara analemba za nyumba zopakidwa njereza ndi nyali zamafuta m'miseu ndi m'misika. Koma mboni yofunika koposa ndi mlendo, Al-Biruni, katswiri Wacisilamu wa ku Central Asia, amene anaphunzira Sanskrit nalemba buku lonena za India ca m'ma 1030. Iye asimba kuti pa tsikuli anthu anali kusamba, kubvala zokongola, kupatsana mphatso, kupereka zacifundo ku akacisi, ndi kuyatsa nyali zosawerengeka usiku. Atafunsa cifukwa cake, anamuuza za mfumu Bali.

Bali ameneyu, m'nthano za Ahindu, anali mfumu yamphamvu ndi yopatsa, imene ufumu wake unakula kufikira milungu inacita mantha. Mulungu Vishnu anadza kwa iye ngati kamunthu kakafupi, napempha malo okwana mapazi atatu okha. Bali atalola, kamunthuko kanakula, kanaponda dziko lonse ndi phazi loyamba, kumwamba konse ndi laciwiri, ndipo pa lacitatu Bali anapereka mutu wake, natsikira kunsi kwa dziko. Cifukwa sanabweze mau ake, analoledwa kudzaona anthu ake kamodzi pa caka. Al-Biruni anamva kuti nyali ziyakira tsiku la kumasuka kwa Bali. Onani kuti m'kufotokoza kumeneko dzina la Rama mulibe. Komatu lero mukafunsa mwana wa sukulu ku Delhi, dzina loyamba kuturuka m'kamwa mwake lidzakhala la Rama.

Nkhani ya Rama iri m'ndakatulo yaikuru yochedwa Ramayana, ya mavesi pafupifupi 24,000, imene mlembi wake achedwa Valmiki. Dasharatha, mfumu ya ku Ayodhya, anafuna kulonga ufumu mwana wake wamkuru Rama. Koma mmodzi wa akazi ake, Kaikeyi, anamkumbutsa malonjezo awiri amene anampatsa kale, napempha kuti ufumu upite kwa mwana wake Bharata, ndi kuti Rama apirikitsidwire kunkhalango zaka 14. Rama sanatsutse, pofuna kuti atate wake asakhale wabodza. Anamuka ndi mkazi wake Sita ndi mng'ono wake Lakshmana. Kunkhalangoko Ravana, mfumu ya mitu khumi ya ku Lanka, anaba Sita, ndipo Rama anakamlanditsa mothandizidwa ndi Hanuman ndi gulu lankhondo la anyani. Cokoma m'nkhaniyi, cimene ambiri aciiwala, ndi khalidwe la Bharata. Iye anakana ufumu umene amai wake anampezera mocenjera. Anatenga nkhwaira za mkuru wake naziika pa mpando wacifumu, iye nalamulira ngati wongosungira. Zaka 14 zitakwana Rama anabwerera, ndipo anthu a kumpoto kwa India anena kuti nzika za Ayodhya zinayatsa nyali kuti zimuunikire njira pa usiku wopanda mwezi.

Ndakatulo ya Valmiki ndi yakale kuposa maumboni onse tachula aja, komabe siichula Diwali. Kulumikiza kubwerera kwa Rama ndi usiku wa nyali kunakula pambuyo pake, pamene kupembedza Rama kunafala pakati pa anthu wamba. Mu 1574 mlakatuli Tulsidas anayamba kulemba nkhaniyi m'Awadhi, cinenero cimene mlimi ndi mmisiri anali kumva, pakuti Sanskrit inali ya ophunzira okha. Kucokera m'buku lake munakula masewero a m'midzi ochedwa Ramlila, amene atha ndi kutentha cifanizo ca Ravana pa tsiku la Dussehra, masiku pafupifupi 20 Diwali isanafike. Munthu amene waona Ravana akupsa sabvutika kumva cifukwa cake patapita masabata atatu Rama afika kwao.

Mukatsikira kummwera, ku Tamil Nadu, mupeza kuti cikondwerero ciyamba m'bandakuca, osati madzulo. Anthu adzuka tambala asanalire, nadzola mafuta thupi lonse, nasamba, nabvala zatsopano, pokumbuka kuti Krishna anapha ciwanda Narakasura namasula akazi 16,000 amene cinawatsekera. Ku Bengal usiku womwewo ndi wa Kali, mulungu wamkazi wakuda ndi woopsa, ndipo kupembedza kumeneku kunafala m'zaka za m'ma 1700 molimbikitsidwa ndi mfumu Krishnachandra ya ku Nadia. Ku Nepal cikondwereroci cichedwa Tihar, ndipo pali tsiku la akhwangwala, tsiku la agalu ndi tsiku la ng'ombe, pamene galu wa pakhomo abvekedwa nkhata yamaluwa m'khosi napatsidwa cakudya cabwino.

Koma amene alemekezedwa m'nyumba zoculuka koposa usiku umenewu ndi Lakshmi, mulungu wamkazi wa cuma ndi mwai, ndipo apa tabwereranso ku masika ndi ku malonda. Ahindu anena kuti Lakshmi ayendera nyumba usiku wa Diwali, ndi kuti salowa m'nyumba yauve kapena yamdima. Cotero masiku ambiri tsikuli lisanafike banja lisesa, likolopa, litaya zakutha. Pakhomo akazi ajambula zithunzi ndi ufa wa mpunga ndi utoto, zochedwa rangoli, ndipo ena ajambula timapazi tolowa m'nyumba. Zitseko azisiya zotsegula. Pamodzi ndi Lakshmi apembedza Ganesha, wa mutu wa njobvu, amene aitanidwa pa ciyambi ca nchito iri yonse kuti acotse zopinga.

Cikondwereroci citenga masiku asanu. Loyamba, Dhanteras, anthu agula golidi, siliva, kapena ngakhale mphika umodzi wacitsulo monga mwa kukhoza kwao. Laciwiri ndi lija la Narakasura, lacitatu ndilo la Lakshmi ndi nyali. Pa tsiku lacitatuli amalonda a ku Gujarat ali ndi mwambo wochedwa Chopda Pujan, ndiko kudalitsa mabuku a malonda. Buku lakale, lokutidwa ndi nsaru yofiira, litsekedwa. Latsopano liikidwa pamaso pa Lakshmi, ndipo pa tsamba loyamba alemba mau awiri, shubh ndi labh, ndiko kuti zabwino ndi phindu. Dongosolo la mau awiriwa nlofunika: zabwino zitsogola, phindu litsata. Munthu wa ulemu wake ayesetsa kuti asalowe m'buku latsopano ndi ngongole yakale. M'mawa mwake, tsiku lacinai, ndico caka catsopano ca Agujarati, cowerengedwa pa kalendala ya Vikram Samvat imene inayamba mu 57 B.C.; motero Diwali ya 2024 itapita iwo analowa caka ca 2081. Mwambo umenewu sunafe ndi kufika kwa makina. Eni malonda ena aika maluwa pa kompyuta monga makolo ao anali kuika pa buku, ndipo msika wa masheya wa ku Bombay, umene lero uli m'mzinda wochedwa Mumbai, kuyambira 1957 utsegula kwa ora limodzi pa tsiku la Diwali kuti amalonda ayambe caka ndi kugula kapena kugulitsa kanthu.

Sitidzabisa kuti pali mwambo wina wosakoma kwenikweni, wa kuchova njuga usiku umenewu. Ocita zimenezi adzikhululukira ndi nthano yakuti mulungu Shiva anachova ndi mkazi wake Parvati. Nzacidziwikire kuti ena amene abweza ngongole masana apalamula ina tambala asanalire.

Tsiku lacinai lomwelo, m'akacisi ena aunjika zakudya zamitundumitundu ngati phiri, pokumbuka Krishna amene ananyamula phiri la Govardhan kuti abise abusa ndi ng'ombe zao ku mvula yamkuntho. Kwina likhala tsiku la mfumu Bali uja. Lacisanu, Bhai Dooj, ndi la munthu ndi mlongo wake. Mwamuna apita kunyumba kwa mlongo wake wokwatiwa, mlongoyo namuika cizindikiro pamphumi, namphikira, iye nasiya mphatso. M'dziko limene mkazi akwatiwira kumudzi kwa mwamuna, kawirikawiri kutali, tsiku limeneli litsimikiza kuti kwao sanamtaye.

Kufikira pano tanena za Ahindu okha, koma usikuwu uli ndi eni ena. Ajain, a cipembedzo cakale cimene ciletsa kupha camoyo ciri conse, anena kuti mphunzitsi wao Mahavira anamwalira ndi kumasuka kotheratu pa usiku womwewu ku Pavapuri, m'cigawo ca Bihar, mu 527 B.C. monga mwa ciwerengero cao. Mabuku ao asimba kuti mafumu amene analipo anayatsa nyali popeza kuunika kwa nzeru kunali kutacoka. Kwa iwo tsikuli ndi la kusala ndi kusinkhasinkha, osati la phokoso.

Mbiri ya Asikh ikhudzana ndi mafumu Acisilamu a mtundu wa Mughal, amene analamulira mbali yaikuru ya India kuyambira 1526. Mafumuwa sanali a mtima umodzi. Akbar, amene analamulira kucokera 1556 kufikira 1605, anali kusunga Diwali kubwalo lake. Aurangzeb mu 1665 analamula nduna zake za ku Gujarat kuti ziletse kuyatsa nyali m'misika. Pakati pa awiriwa panali Jahangir, amene anatsekera Guru Hargobind, mtsogoleri wacisanu ndi cimodzi wa Asikh, m'linga la Gwalior. Asikh asimba kuti pomasulidwa mu 1619 Guruyo anakana kuturuka pokhapokha mafumu ang'onoang'ono 52 amene anali m'ndende yomweyo amasulidwenso. Jahangir anati adzaturuka okhawo amene akhoza kugwira mkanjo wake. Guru anasoketsa mkanjo wa mphonje 52, yense nagwira yake, onse naturuka. Atafika ku Amritsar anthu anamlandira ndi nyali, ndipo Asikh acha tsikuli Bandi Chhor Divas, tsiku la kumasula andende. Nyali zimenezi zinadzalipiridwa ndi mwazi. M'zaka za m'ma 1730 Bhai Mani Singh, woyang'anira kacisi wa ku Amritsar, analoledwa kusonkhanitsa anthu pa Diwali atalonjeza msonkho kwa bwanamkubwa wa ku Lahore. Pozindikira kuti unali msampha wofuna kupha osonkhanawo, anatumiza mau kuti asabwere. Msonkho sunapezeke, ndipo iye anaphedwa mwankhanza.

Cikondwerero cimene cikhoza kusenza mbiri zambiri cotere cikhozanso kuoloka nyanja. Ukapolo utathetsedwa m'maiko a Britain mu 1834, eni minda ya nzimbe anasowa anchito, ndipo anayamba kutenga Amwenye pa pangano la zaka zisanu, limene m'macitidwe ake silinasiyane kwenikweni ndi cibalo. Anapita ku Mauritius kuyambira 1834, ku British Guiana 1838, ku Trinidad 1845, ku Natal 1860, ndi ku Fiji 1879. Pamene kulemba anthu kotere kunaletsedwa mu 1917, oposa 1,000,000 anali atacoka kwao. Akacisi anatsala ku India, koma dothi, thonje ndi mafuta zipezeka pali ponse. Ku Natal kwa zaka zambiri masiku opuma a anchitowa anali a Muharram, mwambo wa Asilamu, ndipo Ahindu anali kulowa nao. Diwali inayamba kuoneka poyera m'Durban ca m'ma 1910, atailimbikira mphunzitsi wocokera ku India, Swami Shankaranand. Ku Mauritius, ku Fiji, ku Guyana ndi ku Trinidad tsikuli linasanduka holide ya dziko lonse. Ndipo mu 1972, pamene Idi Amin anapirikitsa Amwenye a ku Uganda powapatsa masiku 90 okha, akuluakulu a mzinda wa Leicester ku England analengeza m'nyuzipepala ya ku Kampala kuti othawawo asapite kumeneko. Anapitabe. Kuyambira 1983 mseu wa Belgrave Road mumzindamo unayamba kukongoletsedwa ndi nyali za Diwali, ndipo cikondwerero cake cinachuka ngati cimodzi ca zazikuru kunja kwa India.

Kuno kwathu njira inali ina. Amwenye a ku Northern Rhodesia sanadze kudzalima nzimbe. Anadza okha ngati amalonda, pafupifupi onse ocokera ku Gujarat, kuyambira ca m'ma 1905. Asilamu analowera ku Nyasaland nafika ku Fort Jameson, imene lero ndi Chipata, pamene Ahindu ambiri anakwera kucokera kummwera, nayamba ku Livingstone, natsata njanji. Ici cimasulira cifukwa cake Diwali ya m'Zambia iri ndi nkhope ya Cigujarati, ya Lakshmi, ya buku la malonda ndi ya caka catsopano. Koma nyengo inatembenuka. Ku Gujarat nyali ziyaka mvula itatha ndi nkhokwe zitadzala. Kuno ziyaka dzuwa likuswa mtengo, alimi akukonza minda ndi kuyang'ana kumitambo. Cikondwerero ca masika cinasanduka ca pakhomo pa dzinja, ndipo tsiku lake silinasunthe, pakuti litsata mwezi osati mvula.

Katsala kanthu kamodzi, makombola aja. M'maumboni akale onse mulibe. Wonga unacokera ku China, ndipo zophulika zamasewera zinayamba kudziwika m'India ca m'ma 1400, zikhala za mafumu ndi olemera kwa nthawi yaitali. Zinafika m'manja mwa mwana wa munthu wamba m'zaka za m'ma 1900, pamene mafakitale a ku Sivakasi, ku Tamil Nadu, anayamba kuzipanga zambiri ndi zochipa. Cotero mwambo umene umveka kutali koposa ndiwo wamng'ono pa yonse, ndipo ndiwo wautsa milandu. Mu 2018 Khoti Lalikuru la India linagamula kuti pa Diwali makombola aphulitsidwe kwa maora awiri okha, kuyambira 8 koloko kufikira 10 koloko usiku, ngakhale kuti ambiri sanalabadire. Boma la cigawo ca Uttar Pradesh lalimbikitsa kambale kadothi kaja: mu 2024 nyali zoposa 2,500,000 zinayatsidwa pamodzi m'mbali mwa mtsinje wa Sarayu ku Ayodhya. Koma utsi wa ku Delhi sucokera ku makombola okha. Pa masabata omwewo alimi a ku Punjab ndi Haryana, atakolola mpunga, atentha mapesi kuti afulumire kubzala tirigu, ndipo popeza mphepo yacepa ndi kuzizira kwayamba, utsi wa m'minda ndi wa makombola ukhala pamwamba pa mzindawo masiku ambiri, kufikira nthawi zina masukulu atsekedwa.